Zimene Tinaona pa Bwinja la ku Bandawe

Chaka chatha, mvula itangokata, mwana wina wa mu Sitandade 7 anafika m'kalasi atafumbata kanthu m'dzanja. Titamufunsa, anatambasula dzanja lija natisonyeza phale lakuda, laling'ono ngati theka la chikhatho chake, lokhala ndi timizere todukizadukiza m'mphepete mwa mlomo wake. Anati analitola kunyanja, pamalo pamene mafunde anagumula gombe, ndi kuti mapale otero analipo ambiri, ena atangosuzumira m'dothi ngati mano a mwana. Funso lake linali lalifupi: "Aphunzitsi, mphika umenewu adaumba ndani?"

Tiyenera kuvomera pamaso panu, aŵerengi okondedwa, kuti tsiku limenelo tinagwidwa njakata. Ife amene taphunzitsa ana kuno ku Kande zaka zoposa 30, amene tingathe kufotokoza za mapiramidi a ku Igupto ndi makoma amiyala a Great Zimbabwe popanda kusuzumira m'buku, tinachita chibwibwi pa nkhani ya mphika wotoledwa kuseri kwa mudzi wathu womwe. Tinamuuza mwanayo kuti tidzakambirana maŵa, monga achitira aphunzitsi onse akapanikizika. Phale lija tinaliika pazenera, ndipo linakhala pamenepo miyezi itatu lili kutiyang'ana.

Nchifukwa chake tinakonza ulendo. Tinamva kwa akulu a mpingo anzathu kuti pafupi ndi Bandawe wakale pali nkhalamba ina yodziŵa malo pamene padali mudzi waukulu m'masiku a nkhondo. Tinatumiza mau kwa mfumu ya kumeneko kupempha chilolezo, pakuti munthu saloŵa pabwinja la eni ake ngati akuloŵa mumsika. Tsono Loŵeruka lina m'mwezi wa Ogasiti tinanyamuka pa Kande m'bandakucha pamodzi ndi anyamata ndi atsikana 26, ena a pasukulu, ena a m'gulu la achinyamata a mpingo. Tinalunjika kumpoto, nyanja ili kudzanja lamanja, mapiri a Viphya ali kumanzere, kachilumba ka Kande kakunka kachepa kumbuyo kwathu. Mwera unali kuomba, ndipo asodzi ambiri anali atakokera mabwato awo kumtunda. Kamba wathu anali chinangwa chophika ndi usipa wootcha.

Nkhalamba ija tinaipeza ili kusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Titapereka moni wa kwathu kuno, "Timuwoneni, Ada," inatilandira mwaulemu, inatenga ndodo yake nititsogolera m'kanjira kodutsa m'minda ya chinangwa. Titayenda pang'ono inaima pamalo okwera pang'ono, poyang'anana ndi nyanja, ninena kuti, "Tafika." Ana anayang'ana uku ndi uku. Panali chinangwa, tchire, zulu ziŵiri ndi mkuyu umodzi waukulu. Mnyamata wina, wosadziŵa kubisa za kukhosi, anafunsa mokweza kuti, "Agogo, nanga mudziwo uli kuti?"

Kulakwa kunali kwathu. Masiku aŵiri ulendo usanachitike, pofuna kuwapatsa chidwi, tinawasonyeza zithunzi za mabwinja a maiko ena, ndipo chimene chinawakopa koposa chinali cha ku Arizona, m'dziko la America. Kumeneko kuli nyumba yakale yosanjikizana kasanu, ya zipinda ngati 20, yomangidwa ndi miyala ndi dothi m'phanga la thanthwe lalitali, mamita pafupifupi 27 pamwamba pa chigwa cha kamtsinje kotchedwa Beaver Creek. Adaimanga ndi alimi a chimanga, nyemba, maungu ndi thonje, kuyambira cha m'ma 1100, ndipo cha m'ma 1425 adachokapo. Ankakwera ndi makwerero. Boma la America lidaika malowo m'gulu la malo otetezedwa m'chaka cha 1906, ndipo kufikira 1951 alendo ankaloledwa kukwera mpaka m'zipindamo, kenaka adaletsa poona kuti nyumbayo ikuonongeka. Pafupi pomwepo pali bwinja lina la anthu omwewo, la Tuzigoot, lokhala ndi zipinda zoposa 100 pamwamba pa kaphiri. Ana athu, ataona zimenezo, ankayembekeza kuti nawonso akapeza makoma oti ajambulitsepo chithunzi.

Koma nyumba ya ku Arizona yakhalitsa chifukwa ili m'dziko louma, ndiponso thanthwe laifunditsa ngati khonde kwa zaka 600. Makolo athu ankamanga ndi mitengo, nsungwi, bango, dothi ndi udzu, m'boma limene ndi limodzi mwa maboma a mvula yambiri m'Malaŵi muno. Nyumba yotero ikangosiyidwa, chiswe chimayamba nsanamira, mvula imasungunula chipupa, moto wa lupsa umatsiriza zotsala, ndipo zisanathe zaka khumi mlendo angadutsepo osadziŵa kuti padabadwira anthu. Bwinja la kwathu silifuula ayi. Limafuna munthu woŵerama.

Nkhalamba ija sinakhumudwe ndi funso la mnyamatayo. Inangoloza ndi ndodo mzere wa nkhadze zakalekale, zina zitagwa, zina zitaphukanso, wokhota ngati uta kuzungulira mbali ya kumtunda. Inati nkhadze sizimera zokha pamzere. Pamene mwaziona zitandanda, dziŵani kuti padapita dzanja la munthu. Kenaka inatiuza kuti tifanizire dothi la pamene tinaima ndi la kunjira kumene tinadzera. La kunjira linali lamchenga, lotuŵa. La apa linali lakuda bii, lofeŵa, losakanizika ndi makala ndi phulusa. Limenelo ndi dzala, pamene amai ankataya zinyalala za m'nyumba tsiku ndi tsiku, ndipo nchifukwa chake chinangwa cha pamalopo chinali chonenepa kuposa cha minda yoyandikana nayo. Ana ataŵerama anayamba kuona zimene poyamba anali kuziponda: mapale ankhaninkhani m'mizere ya munda, ena osalala, ena olembedwa, zigoba za nkhono za m'nyanja, tizidutswa ta mafupa. Mtsikana wina anapeza kamkanda koyera, kakang'ono ngati njere ya mapira. Pansi pa mkuyu panali mphero yokumbika pakati mpaka kutsala pang'ono kubooka, ndipo tinaima nthaŵi yaitali kuiyang'ana, tikuganiza za mikono ya amai amene adaipera mpaka kufika pamenepo. Phokoso lonse la ana linatha lokha, osawauza.

Chimene chidawaunjika pamodzi

Atonga mwa chikhalidwe chawo sakonda kuunjikana. Aliyense woyenda m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Kachere mpaka ku Chintheche amaona yekha kuti midzi yathu ndi timabanja tomwazikana, aŵa apa, aŵa apo, aliyense ndi gombe lake ndi munda wake. Tsono mudzi waukulu wozingidwa ndi mpanda uli ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chidali mantha.

M'mwezi wa Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi, tsiku limene kadamsana adagwira dzuŵa. Adayenda mpaka ku Ufipa, m'dziko limene tsopano ndi Tanzania, kumene Zwangendaba adamwalirira, ndipo pambuyo pake gulu lotsogozedwa ndi mwana wake M'mbelwa lidabwerera kumwera nkudzakhazikika kuseri kwa mapiri a Viphya cha m'ma 1855. Kuchokera kumeneko magulu ankhondo ankatsikira kunyanja, makamaka nyengo yokolola, kudzalanda chakudya ndi kugwira anthu. Pamene David Livingstone, mbale wake Charles ndi John Kirk adayenda m'gombe lino m'chaka cha 1861, adapeza midzi yotenthedwa ndi mitembo yosaikidwa, ndipo m'buku la ulendowo muli maina a mafumu aŵiri amene tonse tikuwadziŵa, Marenga ndi Mankhambira. Maina ameneŵa akali amoyo pa mipando ya Malengamzoma ndi Mankhambira.

Atonga ambiri adatengedwa kupita kumtunda, kumene anyamata adabooledwa makutu naphunzitsidwa nkhondo ya chishango ndi nthungo yaifupi. Cha m'ma 1875 iwo adagalukira ambuye awo nathaŵira kwawo kunyanja. Angoni adawalondola, koma pa mtsinje wa Chintheche adagonja, popeza amene adali kumenyana nawo adali anthu amene iwo omwe adawaphunzitsa nkhondo, othandizidwa ndi abale awo a kunyanja amene adali ndi mfuti zoŵerengeka. Chigonjetso chimenecho sichidathetse mantha. Aliyense ankadziŵa kuti Angoni adzabweranso, motero anthu adakhamukira m'malinga, ndiye kuti midzi yozingidwa ndi mipanda ya mitengo ndi minga, yomangidwa pafupi ndi madzi kapena pakati pa madambo kuti mdani asoŵe poloŵera. Linga la Mankhambira cha ku Chintheche ndi la Marenga cha kuno ku Bandawe adali ena mwa aakulu, ndipo mwa ena munkakhala anthu zikwi zingapo. Ena amene sadapeze malo m'linga adakakhala pa matanthwe ndi tizilumba, ndipo ena adamanga tinyumba pa nsanamira zozika m'madzi.

Titakhala pansi pa mkuyu, nkhalamba ija inatifotokozera zimene idamva kwa agogo ake aakazi, amene adakulira m'mudzi wotero ali kamtsikana. Nyumba zidali zothithikana kotero kuti tsindwi linkakhudza tsindwi linzake, ndipo moto ukabuka pa nyumba imodzi unkapsereza mzere wonse. Kuthengo kunali koopsa kupitako, tsono ukhondo udali wovuta, ndipo matenda a m'mimba ndi nthomba zinkatenga ana ambiri. Minda idali kunja kwa mpanda. Amai ankapita kukakumba chinangwa m'magulu, amuna atatsogola ndi mauta, mlonda ali pamtengo. Mfuu ikamveka, aliyense ankataya dengu nathamangira kuchipata kapena kubwato. Inatinso chinangwa chidapulumutsa anthu chifukwa chimakhala m'nthaka, sichili ngati mapira kapena chimanga cha m'nkhokwe chimene mdani angachitute kapena kuchitentha tsiku limodzi. Ana anaseka titawauza kuti kondowole amene ena a iwo amamunyoza pofuna nsima yoyera ndi chakudya cha anthu amene adakana kufa.

Pano tiyenera kupatuka pang'ono. Pakati pa ana amene tinali nawo analipo aŵiri a mfunda wa Chingoni, ndipo tinaona anzawo akuwaponyera maso. Tinaimitsa nkhani nkuwakumbutsa kuti Angoni nawonso adali othaŵa nkhondo za kumwera, kuti m'magulu awo ankhondo mudali Atumbuka, Asenga, Acheŵa ndi Atonga amene, ndiponso kuti mafumu ena a kunyanja kuno sadali oyera m'manja, pakuti mfuti ndi onga ankazipeza kwa amalonda a minyanga ndi akapolo. Mbiri yosimbidwa mokomera mbali imodzi ndi miseche chabe. Nkhalamba inagwedeza mutu nionjeza kuti agogo ake aamuna adali ndi makutu oboola, tsono iyo siidziŵa mbali imene ingaime ngati ana afuna kuyambitsanso nkhondoyo. Onse anaseka, ndipo nkhani inapitirira.

Chimene chinatidabwitsa ife ndi mathero a midzi imeneyi. Tikamva za bwinja timafulumira kuganiza za moto, mliri kapena nkhondo. Koma malinga a kuno adaphedwa ndi mtendere. Dziko lino litakhala pansi pa chitetezo cha Britain m'chaka cha 1891, ndiponso sukulu za mishoni zitafalikira pakati pa Angoni omwe, nkhondo zidayamba kuzilala, kufikira mu 1904 pamene mafumu a Angoni a kumpoto adakumana ndi Alfred Sharpe ku Ekwendeni navomera ulamuliro wa boma. Mantha atachepa, panalibenso chomangirira anthu pamalo amodzi onunkha ndi othina. Banja lililonse lidanyamula mitondo ndi maukonde ake kubwerera ku gombe la makolo ake, kapena kukatsegula malo atsopano. Mitengo ya mpanda idasanduka nkhuni. Jaap van Velsen, amene adakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950 nalemba buku lotchedwa The Politics of Kinship, lotuluka mu 1964, adapeza anthu akukhala m'timidzi ting'onoting'ono, topanda mfumu imodzi yamphamvu yolamula onse.

Apa mpamene tinakumbukiranso za ku Arizona. Anthu adamanga nyumba ya m'thanthwe ija mabuku amawatcha Sinagua, dzina limene katswiri wina, Harold Colton, adalipanga m'chaka cha 1939 kuchokera ku mau a Chisipanishi otanthauza kuti "popanda madzi". Eni ake sadadzitche choncho. Nyumbayo imatchedwa Montezuma Castle chifukwa Azungu oyamba kuiona adaganiza kuti idali ya mfumu ya Aaziteki a ku Mexico, chonsecho mfumuyo idabadwa anthu atachokapo kale. Kwa nthaŵi yaitali alendo ankauzidwa kuti anthuwo adangozimirira. Koma Ahopi, amene akali ndi moyo kumpoto kwa chigawocho, amanena kuti ena mwa mafuko awo adachokera kumeneko, ndipo kwa iwo malowo sadatayidwe, ndi mapazi a makolo pa ulendo wawo. Taonani tsono zimene zimachitika eni nkhani akakhala chete: alendo amatcha dzina, dzinalo nkukhazikika. Tinafunsa ana kuti, "Nanga anthu a pa bwinja lino adapita kuti?" Panapita kanthaŵi, kenaka mtsikana uja wa phale anayankha motsitsa mau kuti, "Aphunzitsi, ndife."

Njerwa ndi miyala ya pamanda

Dzuŵa lili paliwombo tinatsazika mkuyu uja nkupita ku Bandawe wakale, pafupi ndi kaphiri ka Makuzi. Kumeneko ana anapeza zimene ankafuna m'maŵa: tchalitchi chachikulu cha njerwa ndi manda okhala ndi miyala yolembedwa. Mbiri ya malo ano yalembedwa bwino. A mishoni ya Livingstonia, otumidwa ndi Free Church of Scotland, adafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875 pa sitima ya Ilala. Malungo atawavuta, ndiponso ataona kuti kumeneko anthu ndi ochepa, adatsegula malo oyeserera ku Kaning'ina ndi ku Bandawe mu 1878, ndipo mu 1881 Dr Robert Laws adasamutsira likulu lonse kuno. Chimene chidawakoka ndi khamu lomwe lija la m'malinga. Mafumu a Atonga adawalandira akuyembekeza kuti apeza abwenzi a mfuti. A mishoni adakana kumenya nkhondo, m'malo mwake adatumiza William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale, kukakhala pakati pa Angoni ku Njuyu, popeza ankamva chinenero chawo. Koyi adamwalira komweko mu 1886. Zaka zimenezo zidali za kukayikirana kwambiri, Angoni akuti a mishoni asamukire kumtunda, Atonga akuti mukachoka tatha.

Koma Bandawe nayenso adali ndi udzudzu wake. Manda aja ndi a anthu amene ambiri adafa akali anyamata ndi atsikana, ena ali makanda. Mbusa J. A. Bain, amene adagwira ntchito kumpoto kwa nyanja, adafera pano mu 1889. M'chaka cha 1894 Dr Laws adasamukiranso ku Khondowe, pamwamba pa phiri, kumene lero timakutcha Livingstonia, ndipo patapita zaka mishoni ya Bandawe idasunthira kumtunda, ku Thipula. Motero malo anonso ndi bwinja, ngakhale Akhristu a m'midzi yozungulira sadalitaye. Tinaimba nyimbo imodzi m'tchalitchimo, mau akumveka ngati tili anthu mazana.

Ana anathamangira kuŵerenga maina ndi zaka pa miyala ija, ena akulemba m'makope. Ife tinakondwa, komanso mtima unatiŵaŵa pang'ono. Anthu ogona pansi pa miyala imeneyo tiyenera kuwalemekeza, pakuti adasiya kwawo nadzafera kuno, ndipo sukulu imene ife timadyerapo idayambira m'manja mwawo. Koma mwala wolembedwa uli ndi mphamvu yonyenga. Umachititsa mwana kuganiza kuti mbiri ya dera lino idayamba mu 1881, ndi kuti zisanafike njerwa kunalibe kanthu koma tchire. Pamtunda waufupi chabe kuchokera pa manda oŵerengeka aja pagona anthu zikwizikwi opanda mwala, amene adaumba njerwazo, adapalasa mabwato a mishoni, adatumiza ana awo kusukulu, ndipo asanachite zonsezo adadziteteza okha pa Chintheche popanda Mzungu ndi mmodzi yemwe.

Ana a m'malinga aja ndiwo adakhala oyamba kugwira cholembera, ndipo cholemberacho chidawatulutsa m'dziko. Adayamba ndi kunyamula katundu wa African Lakes Company, kenaka adaloŵera ku migodi ndi m'matauni a Rhodesia ndi South Africa, ambiri osabwerera, amene timawatcha machona. Mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe pomwepa, ndiwo kwawo kwa Clements Kadalie, amene mu 1919 adayambitsa ku Cape Town bungwe la anthu apantchito lotchedwa ICU, ndipo adamwalira ku East London mu 1951. Ndani mwa ife alibe mbale ku Johannesburg lero lino? Nyumba zokhoma, za mazenera otsekedwa ndi njerwa, zimene tinazidutsa m'njira m'maŵa uja, nkutheka kuti ndiwo mabwinja amene adzukulu athu adzayendere.

Phale lija

Pobwerera tinadzeranso pa mkuyu kuti tiperekeze nkhalamba kwawo, ndipo mpamene tinaona kuti matumba a akabudula a anyamata ena atupa. Anali atadzaza mapale. Wina anali atakonza kale ndi mnzake zodzabweranso ndi njinga kudzatenga mphero ija, akuti ikakhale pasukulu. Tinawakhazika pansi nkuwafotokozera chifukwa chake zimenezi nzosayenera. Phale limalankhula likakhala pamalo pake. Akatswiri ofukula zakale amayang'ana kuti lili pansi pa chiyani ndi pamwamba pa chiyani, pakuti dzala limakula ngati mulu wa mabuku, zakale pansi, zatsopano pamwamba. Amatenga makala opezeka pamodzi ndi phalelo nkukawayeza kuti adziŵe zaka zake. Amafanizira timizere take ndi ta mapale a malo ena. Ndi njira imeneyi Keith Robinson adasonyezera kuti mapale a ku Nkope, m'boma la Mangochi, ndi a alimi osula chitsulo amene adakhala m'mbali mwa nyanja ino zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ndi njira yomweyo Dr Yusuf Juwayeyi adafukulira pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, likulu la Kalonga wa Amaravi, napeza mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ndi zidutswa za mbale za ku China, umboni wakuti makolo athu ankachita malonda ofika kutali. Buku lake lidatuluka mu 2020. Tsono pansi pa dzala la m'masiku a Angoni pangathe kukhala dzala lina lakale koposa, pakuti malo abwino kwa msodzi wa dzana adali abwinonso kwa msodzi wamakedzana. Wotola phale nkupita nalo kwawo ali ngati wong'amba tsamba m'kaundula wa ubatizo: tsambalo ali nalo, koma silikuuzanso munthu kanthu. Komanso dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, loletsa kufukula kapena kuchotsa zotere popanda chilolezo cha boma.

Tili pakati pa ulaliki umenewu, mtsikana uja anakweza dzanja nafunsa mwaulemu wonse kuti, "Nanga lija lili pazenera panu, aphunzitsi?" Tinalibe pothaŵira. Tinavomera kuti wayamba kulakwa ndi mphunzitsi, amene analandira phale osafunsa bwino malo ake, osalemba tsiku, osapita kukaona gombe logumukalo mpaka nyanja inalimeza. Anyamata aja anakhuthula matumba awo akumwetulira, aliyense akuyesa kukumbukira pamene anatola lake.

Nyanja imeneyi ndiyo mdani woyamba wa mabwinja a kuno. Imatsika ndi kukwera mosapangana ndi munthu. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 idatsika kotero kuti mtsinje wa Shire udaleka kutulutsa madzi ake. Mu 1980 idakwera koposa, ndipo mu 2024 tonse tidaona madzi akuloŵa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali monsemu. Kukwera kulikonse kumadya gombe, pamodzi ndi zonse zokwiririka m'menemo. Mdani wachiŵiri ndife tomwe. Khasu limaswa mapale chaka ndi chaka, oumba njerwa amakumba zulu ndi dothi losasankha, ndipo malo a m'mphepete mwa nyanja akugulidwa msangamsanga ndi omanga nyumba za alendo. Sitikunena kuti anthu aleke kulima kapena kumanga. Munthu sadya mbiri. Koma kuyenda ndi kope pamalo musanafike makasu, kulemba dzina la malowo, kujambula pamene pali nkhadze, mphero ndi dzala, ndi kudziŵitsa mfumu ndi a boma osamala zakale, sikulira ndalama.

Chimene chili pafupi kutayika kuposa mapale ndi chimene chili m'mitu ya anthu. M'njira tinafunsa ana 26 aja kuti ndi angati akudziŵa mudzi umene adabadwira amai a agogo awo. Anakweza manja anayi. Sitinawadzudzule, pakuti mwana safunsa chimene sanamvepo kuti chilipo. Kale nkhani zotere zinkasimbidwa madzulo pamoto, kapena pagombe posoka maukonde. Lero madzulo ana ali pa foni, ndipo ife makolo, tikaŵeruka, tatopa. Nkhalamba yathu ija idamva kwa munthu amene adagona m'linga ndi thupi lake. Pakati pa ana athu ndi masiku a Mankhambira pali pakamwa paŵiri pokha, ndipo pamodzi mwa apo pali mano oŵerengeka.

Tikutsazikana pakhomo pake, nkhalamba inatikokera pambali nitiuza kuti mwini munda uja wakalamba, ndipo ana ake a kutauni abwera kale kaŵiri ndi munthu wa galimoto kudzayeza malowo ndi chingwe. Inatinso pali zina zimene sinanene chifukwa cha kuchuluka kwa ana: pamene padali chipata, pamene ankaika akufa nthaŵi imene kumanda kudali kosapitika, ndi maina a mabanja asanu ndi aŵiri amene adachoka pamenepo kupita kumwera, ena mpaka ku Kande kwathu. "Mukabwere mvula isanagwe, Ada," inatero, "ndipo mukabwere ndi wolemba msanga, pakuti ine ndikayamba sindibwereza."

Tagula makope aŵiri achikuto cholimba. Mtsikana uja ndiye adzalemba, chifukwa dzanja lake ndi lofulumira kuposa lathu, ndipo amai ake avomera. Tapangana Loŵeruka lachiŵiri la mwezi wa Okutobala.